Njinga Yopanda Kaliyala

Mitundu,
4 Ogasiti 1996

Gilibati,

Ndikhulupirira uli moyo, pakuti uthenga wa maliro ukanafika msanga kuposa makalata ako. Ife kuno tilipo. Ino ndi kalata yanga ya 14 chichokere iwe kupita ku Joni, zaka zisanu ndi miyezi itatu yapitayo. Wayankha zinayi. Ndinaphunzitsa masamu zaka 31, choncho usayese kunditsutsa.

Mlongo wako Thandiwe akudwala kwambiri. Mu Epulo ankalemera makilogalamu 52. Dzulo ndinamuyeza pa sikelo ya fodya ya amuna ake, a Noah, ndipo wakwana 41. Msana ndi mafupa a m'chiuno zikumupweteka, moti ngakhale pomutembenuza pamphasa amalira. Kuchipatala anatipatsa mapiritsi natiuza kuti tikamusamalire kunyumba. Ndiwe wamkulu, ukudziwa tanthauzo la mawu amenewo.

Iye akupempha chinthu chimodzi chokha: abwerere kuno kwawo. A Noah anamutenga chitengwa kupita naye ku Nathenje, ndipo sakukana kumubweza. Chovuta ndi njira. Kuchokera pakhomo pawo kufika pakhomo panga ndi makilomita 23 a msewu wafumbi. Chibwerere zipani zambirizi anthu akuti kukonza msewu ndi thangata, ndiye palibe wagwirapo khasu. Ndimadutsamo Loweruka lililonse pa njinga ya malemu bambo ako, ndipo ndawerenga maenje 312. Mlatho wa padambo unakokoloka chaka chatha. Timawolokera pamchenga, pamene galimoto limatitimira, ndipo mvula ikangogwa madzi adzatseka pamenepo mpaka Epulo.

Pa 20 Julaye tinayesa ngolo, titayala matiresi awiri. Pa makilomita awiri oyamba analira ka 47, kenaka anakomoka, ife n'kubwerera. Machira wakana yekha. Akuti, "Amayi, sindinafe kuti ndilowe m'mudzi mwathu ndili pamapewa a anthu."

Sindikupempha bulangete lina. Atatu amene unatumiza aja ali m'sutikesi. Unalemba kuti umakonza njinga za azungu. Manja amenewo abwere kuno adzaone chochita, mvula isanagwe.

Ndine mayi ako,
Felesiya Namwale

*

Nathenje,
6 Sepitembala 1996

Apongozi anga olemekezeka,

Ndagwada pansi polemba kalatayi, ndipo ndaipatsira Mayi Idesi ogulitsa matimati amene akubwera kumsika kwanuko. Kaya mwadzuka bwanji? Odwala kuno agonako pang'ono, phala amwa theka la kapu.

Lachitatu dalaivala wa thiraki yochokera ku Joni anatsitsa njinga pasiteji, akuti yachokera kwa alamu anga a Gilibati. Kalata panalibe. Njingayo ndi yokongola ndithu, matayala onenepa ngati a mthuthuthu, magiya ambirimbiri. Koma yabwera ndi zilema ziwiri. Choyamba, ilibe kaliyala. Chachiwiri, ili ngati yothyoka pakati. Ukakhala pachishalo kumbuyo konse kumatitimira, chifukwa chigawo chogwira gudumu sanachiwotcherere ku felemu, changogwidwa ndi bawuti imodzi ndi sipulingi yakuda. Anthu pasiteji anaseka mpaka misozi. Wina anati, "Alamu akowo atola kudzala la azungu, mwini wake anataya atagwa nayo."

Posafuna kukuvutitsani, ndinapita nayo kwa wowotcherera. Taikapo kaliyala wa zitsulo za mawindo, mmene timaikira pa njinga iliyonse. Kumwamba tawotcherera pansi pa chishalo, miyendo iwiri tawotcherera pafupi ndi nati za gudumu. Tsopano yalimba gwa, sikugwederanso. Ndayesa matumba awiri a feteleza, yanyamula osadandaula.

Mukabwera Loweruka mudzaipeza pakhonde. Ine ndidzakhala kudimba monga mwa masiku onse, koma ngati mukuona kuti tiyesere odwala, mudzatume mawu ndibwere ndipalase.

Ine mkamwini wanu,
Noah Nkhoma

*

Mitundu,
15 Sepitembala 1996

Gilibati,

Kalata ya 15. Moni sindipereka wambiri chifukwa sukuoneka kuti umamufuna.

Ndinapempha mwana, ndalandira chitsulo. Chitsulocho chafika chopanda mawu, chopanda kaliyala, chogwedera ngati dzino la nkhalamba. Kodi unkaganiza kuti mlongo wako akhala pati? Pa handulo? Kapena unaiwala kuti kuno njinga si choseweretsa? A Noah, amene si mwana wanga wobala, ndiwo anachita manyazi m'malo mwako napita nayo kukailimbitsa.

Dzulo tinayesa. Tinamanga pilo pa kaliyala, tinamukweza Thandiwe anthu atatu, a Noah anapalasa, ine ndikutsatira pa njinga ya bambo ako mapazi 30 kumbuyo monga mwa mwambo. Tisanakwane kilomita imodzi analira ka 29. Pa dzenje la 12 anadziluma mlomo mpaka magazi. Ngolo ija inali bwino. Tinabwerera naye titamufungata, anthu a m'njira akutiyang'ana.

Titamugoneka anati, "Amayi, basi. Ndisiyeni pompano, mudzanditenge ndili m'bokosi, mmenemo mabampu sadzandipweteka." Miyezi isanu yonseyi anali asananenepo mawu otero. Njinga yako ndi imene yamuphunzitsa. Akulemera 40.

M'buku langa ndinalemba tsiku la mvula yoyamba zaka khumi zapitazi. Yofulumira inagwa pa 9 Novembala, yochedwa pa 27. Werengera wekha masiku atsala, ngati masamu ndinakuphunzitsa aja sunawasiye pachipata cha dziko.

Njingayo ili kuseri kwa khola la mbuzi ku Nathenje. Ukaifuna udzaitenge wekha.

Mayi ako,
Felesiya Namwale

*

(Yalembedwa pa 25 Ogasiti, yafika m'manja mwanga pa 5 Okutobala. Masiku 41. Inali m'thumba limene dalaivala anaiwala kutsitsa pamodzi ndi njinga, napita nalo ku Karonga. F.N.)

Joni,
25 Ogasiti 1996

Amayi okondedwa,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndinaiwerenga nditakhala pansi kuseri kwa shopu kuti anzanga asandione nkhope. Muli bwanji inuyo? Nanga msana wa Thandiwe uja uli bwanji?

Ndinene zoona. Kubwera sindingathe pakali pano. Mapepala anga anatha kalekale. Ndikangotuluka pachipata sindidzalowanso, ndipo ntchito idzathera pomwepo. Mukalipe, ndikudziwa mukalipa. Koma manja munawafunawo ndawatumiza.

Njinga imeneyi si wamba. Azungu kuno amatsetsereka nazo m'mapiri pamiyala. Felemu anaisiya kasitomala, abwana anandilola kuitenga, ndipo ndaimanga ndekha masiku asanu. Mukaona kumbuyo kukugwedera musaope, sikuthyoka. Ndiyo nzeru yake yonse. Gudumu lakumbuyo limakwera ndi kutsika palokha, likuzungulira pa bawuti yaikulu ija, ndipo sipulingi imameza bampu isanafike kwa munthu.

CHONDE MUSAWOTCHERERE CHILICHONSE. Ndikudziwa kwathu, wina adzafuna kuikapo kaliyala. Kaliyala wamba amalumikiza chishalo ndi gudumu, ndiye sipulingi imafa, bampu yonse n'kulowa mumsana mwa wokwera. Munthu ayenera kukhala pamwamba pa sipulingi, osakhudza gudumu. M'thumba muno muli kampando kotsamira kamene ndapanga ndekha. Kamamangidwa ndi mabawuti anayi ku felemu yaikulu yokha. Masipanala ali momwemo.

Mulinso sipulingi yofiira. Yakudayo ndi ya munthu mmodzi, yofiira ndi yolimba, ya anthu awiri. Musinthe. Kenaka muyeze motere. M'kati mwa sipulingi muli kachitsulo konyezimira kamene kamalowa masentimita anayi kakafika pamapeto. Wopalasa ndi Thandiwe akakhala onse, njinga itaima, kalowe sentimita imodzi yokha. Kakalowa kwambiri, zungulizani mphete imene ili pamutu pa sipulingi kuti ithine. Kakapanda kulowa, masulani. Pansi pali kachotsekera kakang'ono kolira tha! tha! mukakapotoza. Kameneko kamalamula liwiro limene sipulingi imabwerera nalo. Kakatseguka kwambiri njinga imaponya mateche ngati bulu. Kakatsekeka kwambiri imakhala pansi osadzuka, bampu yachiwiri n'kukupezani mulibe chotetezera. Yambirani pa kulira kasanu ndi kamodzi.

Matayala musapope gwa ngati mukukatenga makala. Chala chachikulu chizilowako pang'ono.

Mumakonda kuwerenga zinthu, Amayi. Nayi ntchito yoyenera inu. Muuzeni Thandiwe kuti kampandoko ndakayeza pokumbukira msinkhu wake.

Mwana wanu,
Gilibati

*

Nathenje, pakhonde panu,
5 Okutobala 1996

Apongozi,

Ndikulemba muli kudimba, ndipo kalatayi ndiisiya pansi pa mtsuko wa madzi. Thumba munandisiyira lija ndatsegula. Kalata ya alamu anu ndaiika pamodzi ndi ino. Muiwerenge kawiri, makamaka mawu a zilembo zazikulu.

Njinga ija sinali yothyoka. Munaithyola ndinu. Ndifunseko mwaulemu, munthu mukamumanga bondo ndi thabwa n'kumuuza kuti adumphe mzera, chimapweteka n'chiyani? Ndi zimene munachita. Sipulingi inali bondo, inu munaimanga ndi zitsulo za mawindo, mwana wanga n'kulandira mabampu onse mumsana. Kulira 29 kuja ndinakulemba pa dzina la Gilibati. Lero ndakufufuta, ndakulemba pa dzina lanu.

Chinthu chimene simukuchidziwa mumayamba mwafunsa. Munali ndi masiku atatu kuti ndifike, koma munamvera anthu oseka pasiteji, amene ntchito yawo ndi kuwerenga maminibasi a eni ake. Masiku 31 atayika chifikire njingayo.

Muchotse kaliyala ameneyo ndi sowo yodulira zitsulo, osati ndi moto. Loweruka likubwerali ndidzaitenga, ndipo tidzayesanso.

Felesiya Namwale

*

Nathenje,
8 Okutobala 1996

Apongozi anga,

Kalata zonse ziwiri ndawerenga, kawiri monga munalamula. Ulemu wanga kwa inu sunachoke, koma lero mundilole ndiyankhe.

Inde, ndinawotcherera ndine. Kuno njinga yopanda kaliyala ili ngati dengu lopanda pansi, ndipo palibe munthu kuyambira ku Diamphwe mpaka ku Malingunde amene akanachita mosiyana ndi ine. Inunso munaiona pakhonde. Munaigwedeza ndi dzanja, munauza Thandiwe kuti tsopano yakhala njinga, ndipo pilo munamanga ndinu. Ngati mukugawa kulira kuja, mudzisungireko pang'ono.

Inu mumabwera Loweruka. Masiku ena asanu ndi limodzi amene amamutembenuza ndine, amene amachapa nsalu ndine, anthu akundiseka pachitsime kuti mwamuna wasanduka namwino. Alamu ali ku Joni akutumiza masipulingi. Koma wolakwa ndine.

Kaliyala ndadula ndekha dzulo, ndipo zipsera ndazipala. Njinga mudzaitenge, ndi ya mwana wanu. Koma kuyesa kwachitatu ndakana. Mkazi wanga si thumba la chimanga loyesera zitsulo za azungu. Wafika pa 38, ndipo akamva dzina la njinga amatembenukira kukhoma. Ndinamva kulira kwake kumsana kwanga, inu munakumvera mapazi 30 kumbuyo. Pokhapokha nditaona ndi maso anga kuti chinthuchi chimamezadi mabampu, Thandiwe sakwerapo, ngakhale mukandisumire kwa ankhoswe.

Ine,
Noah Nkhoma

*

(Yalembedwa pa 6 Okutobala, yafika pa 22. Masiku 16. Akakwiya makalata ake amathamanga. F.N.)

Joni,
6 Okutobala 1996

Amayi,

Kalata yanu ya 15 yafika. Ndaona kuti thumba silinakupezeni, ndipo dalaivala uja ndikakumana naye adzandidziwa. Ngati lafika tsopano, mwaona nokha chimene mwachita.

Mwaipha. Masiku asanu ndinagwira njinga imeneyo osapuma pa nkhomaliro, ndipo mwaipereka kwa munthu wowotcherera mawindo. Simunadzifunse kuti mwana amene wakhala zaka zisanu akukonza njinga angatumize yothyoka? Ayi, munathamangira kuti Gilibati ndi wopanda pake, chifukwa yankho limenelo munalilemba kale ndisanalembe mayeso.

Mumawerenga makalata anga, maenje, mabulangete. Pa maliro a bambo munawerenga anthu obwera, 206, ndikukumbukira. Ine ndinkayembekeza kuti mundigwire paphewa. Mwina n'chifukwa chake cholembera chimandilemera.

Koma za ife zisiyeni, pali Thandiwe. Dulani kaliyalayo. Kenaka onetsetsani ngati moto sunang'ambe felemu, makamaka pansi pa chishalo ndi pafupi ndi nati za gudumu. Pakani parafini pamenepo, dikirani pang'ono, pukutani kuti paume, ndiye pakani choko. Ngati pali mng'alu, parafini adzatuluka n'kujambula kamzere kakuda pachokopo. Mukaona kamzereko, asakwere munthu aliyense. Choko muli nacho, ndikudziwa simunataye.

Gilibati

*

Mitundu,
27 Okutobala 1996

Apongozi,

Moni kwa inu ndi odwala. Munati mukufuna kuona ndi maso. Mwanena bwino, ndipo pa mfundo imeneyo yokha ndikugwirizana nanu.

Felemu ndaiyeza ndi parafini ndi choko malo asanu. Mng'alu palibe. Wowotcherera wanu ali ndi mwayi. Kampando ndamanga, sipulingi ndasintha ndekha, ngakhale bawuti imodzi inanditengera m'mawa wonse.

Mwana wanga sindinamuyesere. Ndinayeza chimanga makilogalamu 38 n'kuchimanga pa kampando. Thandiwe anandiuza kuti inu mumalemera 61. Ine ndine 54, choncho ndinabereka miyala ya makilogalamu asanu ndi awiri kumsana. Pamwamba pa thumba ndinamanga chitini chosavundikira, muli makapu khumi a madzi. Ndinasankha chigawo cha msewu cha mapazi 400, chokhala ndi maenje 18, ndipo pamapeto ndinkayeza madzi otsala. Ulendo uliwonse ndinaubwereza katatu.

Pa njinga ya malemu amuna anga, ya kaliyala wamba, munkatsala makapu atatu. Pa njinga ya Gilibati ndi sipulingi yakuda, asanu, ndipo inkagunda pansi kuti gu! pa dzenje lililonse lalikulu. Ndi sipulingi yofiira, mphete ili yomasuka, asanu ndi limodzi. Ndinaika rula, ndinapempha Mayi Idesi kuti aziwerenga ine nditakhala, ndipo nditazunguliza mphete katatu kachitsulo kanalowa sentimita imodzi ndendende. Pamenepo munatsala asanu ndi atatu, koma njinga inkandiponyabe m'mwamba ikatuluka m'dzenje. Gilibati anati kachotsekera kalire kasanu ndi kamodzi. Analakwa, sanaone maenje athu. Pa kasanu ndi katatu, matayala nditawaphwetsa pang'ono, munatsala makapu asanu ndi anayi ndi theka. Katatu konse.

Ndinagwa kawiri. Anthu a m'mudzi muno akuti aphunzitsi apenga, akuyendetsa madzi pa njinga chitsime chili pakhomo. Anene.

Za pilo munanena zoona. Ndinamanga ndine. Pa kulira 29 kuja ndatengako khumi.

Loweruka pa 2 Novembala ndidzabwera ndi thumba, miyala ndi chitini. Musapite kudimba. Mudzaime kuseri kwa nkhokwe ngati mwambo ukukuvutani, koma madziwo mudzayeze ndinu, ndi kapu yanu. Mitambo yayamba kusonkhana kumadzulo. Tatsala ndi masiku 13 kufika pa 9 Novembala.

Felesiya Namwale

*

Mitundu,
10 Novembala 1996

Gilibati,

Kalata ya 16. Ndili bwino, kupatula bondo lakumanzere limene ndinagwera pa njinga yako.

Thandiwe ali kuno. Wagona m'chipinda chimene anabadwira, ndipo pamene ndikulemba pano ndikumumva akukangana ndi nkhuku imene yalowa pakhomo.

Zinayenda motere. Pa 2 Novembala ndinakaonetsa a Noah za madzi zija pamsewu wa kuseri kwa nyumba yawo. Anayeza okha, anapeza makapu asanu ndi anayi. Anati ndibwereze. Anapezanso asanu ndi anayi. Anaika kapu pansi. Woyamba kuyankhula anali Thandiwe, amene anadzikoka yekha kufika pakhomo ife osadziwa. Anati, "Noah, ngati madzi akufika, inenso ndifika. Ndatsala madzi okhaokha." A Noah anati, "Ukalira kamodzi ndibwerera." Iye anati, "Ndiye utseke makutu, wamantha iwe."

Tinanyamuka Lachiwiri pa 5 Novembala, 6 koloko m'mawa. Asanayambe kupalasa ndinaika rula onse awiri atakhala. Kachitsulo kanalowa mopereverako pang'ono, pakuti iye watsikanso kufika pa 37, ndiye ndinamasula mphete theka. Tinamumanga ndi chitenje ku chotsamira cha kampando. Chotsamiracho chinamufika pamapewa ndendende. Msinkhu wake unaukumbukira bwino, zimenezo ndavomera.

Ndinatsatira kumbuyo ndikuyang'ana gudumu. Linkalowa m'dzenje n'kutuluka, likuvina lokha, koma mutu wa mlongo wako unkangoyenda mowongoka ngati wa mayi wosenza mtsuko. Dzenje la 12 lija tinalidutsa osadziwa. Kuyambira pa kilomita 9 mpaka 15 anagona tulo, mutu atautsamiritsa kumsana kwa amuna ake. Ndinaopa, ndinapalasa mwamphamvu kuti ndimuyandikire, ndipo ndinamva akuliza mkonono.

Analira katatu ulendo wonse. Kawiri pamchenga powoloka, pamene tinkakankha njinga iye ali pomwepo. Kachitatu ataona mtengo wa mango wa pakhomo, ndipo kameneko sindikudziwa ngati ndikawerengere. Tinafika 11:40. Analowa m'mudzi atakhala tsonga, akuyankha moni wa anthu.

A Noah anatsika pa njinga. Ndinawapatsa madzi akumwa ndi manja anga, ndikuwayang'ana kumaso. Azakhali ako anatsokomola mokweza kuti ndimve. Atsokomole.

Mvula inagwa Lachisanu pa 8, tsiku limodzi msanga kuposa zaka zonse za m'buku langa. Powolokera paja madzi afika m'chiuno.

Sindikunamiza. Sakuchira, ndipo sachira. Akudya masipuni asanu kapena asanu ndi limodzi. Koma akudyera kwawo. Dzulo anafunsa za iwe kanayi.

Za maliro a bambo ako ndawerenga. Anthu anali 208, osati 206. Ndinkawerenga chifukwa ndikanasiya ndikanagwa pansi, ndipo panalibe wondidzutsa, iwe unali utayamba kale kufunsa za mabasi a ku Joni. Paphewa sindinakugwire, n'zoona. Phewalo lili kutali tsopano, dzanja langa silifika.

Za mapepala ako ndamva. Sindikutsutsa kuti ukatuluka sudzalowanso. Uyeze wekha mbali ziwirizo, sikelo uli nayo.

Sipulingi yagwira ntchito yake. Yatsala ntchito yako. Kampando ndachotsa, ndabwezeretsa sipulingi yakuda ya munthu mmodzi, ndipo a Noah abwerera nayo njinga ku Nathenje mvula isanagwe. Ili m'nyumba mwawo, mapazi 250 kuchokera pamene mabasi a ku Joni amaima. Madzi a m'chiuno munthu wathanzi amawoloka atasenza njinga pamutu.

Unachoka kuno ukulemera 64, ndipo mphete ndaitchera pa 64, ndinayesa ndi miyala. Ngati wanenepa ndi buledi wa kumeneko undilembere msanga, ndikauze a Noah aithinitse. Ukapanda kulemba, idzakugunditsa pansi pa dzenje lililonse, ndipo ndi mvulayi maenje afika 340.

Ndine mayi ako,
Felesiya Namwale